Benz, Jaguar kapena Range Rover yakale: mtengo woyenera ndi uti?

M'mipanda ya ku Chimaliro ndi ku Katoto, ngakhale kuseri kwa magalaja a ku Luwinga mumzinda wa Mzuzu, simulephera kuona galimoto yapamwamba yakale itakhazikidwa pa njerwa, matayala ataphwa. Mwini wake amatchula mtengo akukumbukira ulemerero wa galimotoyo, pomwe wogula ayenera kuwerenga kuchokera kumapeto. Funsani kuti yamtundu womwewo yoyenda bwino, ya mapepala onse, ikugulidwa zingati. Chotsanipo ndalama za masipeya, kuwotcherera, penti ndi makaniko, ndipo pa ndalama zokonzetserazo onjezanipo theka lina, chifukwa zobisika zimatulukira mukayamba kumasula. Zotsalazo ndiye malire a kunenerera kwanu.

Pa galimoto zinayi zomwe tikuyerekeza pano, yooneka wamba kwambiri ndi imene tingalolere kulipira zambiri: Mercedes-Benz W123, yopangidwa kuyambira 1976 mpaka 1986. Anapanga pafupifupi 2.7 miliyoni, zina anazilumikizira ku East London ku South Africa, n'chifukwa chake masipeya ake akupezekabe ku Johannesburg. Ya dizilo, 240D ya masilinda anayi kapena 300D ya masilinda asanu, ilibe kompyuta. Ikalira, masulani chitsekerero cha oyilo n'kuchisiya pakamwa pake. Chikamangogwedera pang'ono palibe vuto, koma chikamadumpha utsi uli tolotolo, maring'i atha, ndipo mtengo utsike ndi ndalama zonse zotsegulira injini. Poyeza compression (mphamvu yopanikizira mpweya m'masilinda), masilinda asasiyane kuposa 3 bar. Injini ikakana kuzima mutatembenuza kiyi, mpaka mutakankha kachitsulo kolembedwa STOP pansi pa boneti, musachite mantha. Kawirikawiri kamakhala kapaipi ka vacuum kong'ambika, kotchipa, ngakhale kukapeza kumadya nthawi.

Mkulu wake, W126 ya 1979 mpaka 1991, ndi yokoma kukwera ndipo ogulitsa amaikweza mtengo chifukwa ndi S-Class, mtundu wapamwamba wa Benz. Ife timaiika pansi pa W123 yofanana nayo thanzi. Ikakhalitsa, petulo wakale amauma n'kumata m'kati mwa fuel distributor yomwe imagawa petulo ku masilinda, ndipo amakaniko odziwa chipangizochi ndi ochepa. Pa 380SE ndi 500SE za V8, tcheni cha timing chimadutsa pa timapulasitiki tomwe timauma ndi ukalamba. Kamodzi kakathyoka tcheni chimalumpha, mavavu n'kugundana ndi mapisitoni. Ilizeni m'mawa isanatenthe, mumvetsere ngati tcheni chikuchita phokoso. Pakapanda umboni woti anasinthapo, ntchitoyo ilowe m'masamu anu.

Jaguar XJ6 Series III, ya injini ya malita 4.2, ndiyo imakopa mtima kuposa zonse: zikopa, matabwa openya pa dashibodi. Ndiyonso iyenera kutchipa kwambiri. Ili ndi mathanki awiri a petulo, mbali iyi ndi iyo kumbuyo, ndipo onse amachita dzimbiri madzi akalowera pa zitsekerero. Madisiki a mabuleki akumbuyo ali m'kati, pafupi ndi difu, moti powasintha ambiri amatsitsa chimango chonse cha kumbuyo. Masipeya ambiri ndi oitanitsa ku UK, kutanthauza mapaundi, msonkho wa MRA ndi milungu yodikira. Yosayenda tingaigule pa mtengo wa masipeya basi.

Range Rover Classic ya 1970 mpaka 1996 imanamiza maso. Mapanelo ambiri akunja ndi a aluminiyamu, sachita dzimbiri, koma ziwalo za pansi pake ndi zachitsulo. Gonani pansi ndi tochi, mugogode chasisi ndi kahamala, makamaka mtanda wa kumbuyo, kenako muone felemu la chitseko chakumbuyo cha m'mwamba. V8 yake ndi yosavuta kukonza koma imadana ndi kutentha, ndiye muiyese pokwera mtunda wochokera ku Nkhata Bay, maso ali pa geji ya kutentha. Mtengo wake ungapose wa W126 ngati chasisi ili yolimba, popeza imafika ndi kumudzi komwe.

Dzimbiri ndilo limagamula kuposa injini, makamaka kuno kwathu komwe mvula imachedwa kusiya ndipo chinyezi sichichoka msanga. Injini yakufa mutha kuikamo ina, koma bodi yowola imadya ndalama mosaoneka malire. Pa Benz zonse ziwiri, yang'anani mabowo anayi oikapo jeke, pansi pa batire, m'dzenje la tayala la sipeya ndi m'munsi mwa magalasi akutsogolo ndi kumbuyo. Tukulani makapeti mugwire ndi dzanja. Akakhala onyowa kapena akununkha chuku, madzi akhala akulowa kwa nthawi yaitali. Tengani kamaginito kofooka, kakulungeni m'kansalu, muyendetse m'mbali mwa matayala: pomwe sikakugwira pali fila wokhuthala. Penti yatsopano pa galimoto yosayenda isakukwezereni mtengo, nthawi zambiri imaphimba zomwezi.

Tizinthu ting'onoting'ono timapweteka kuposa momwe ambiri amaganizira. Ma kolomu a m'mbali, magetsi akumbuyo, maswitchi a mawindo ndi dashibodi yosang'aluka zimavuta kupeza kusiyana ndi mapisitoni. Yathunthu yosalira ndi yabwino kuposa yolira koma yosololedwa ziwalo. Imene wina anayamba kumasula n'kusiya mabawuti m'zidebe ndi m'matumba a shuga, muziiwerenga ngati yoperewera.

Za mapepala n'zachidule. Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zolembedwa mu bulu buku, dzina likhale la amene akugulitsayo, ndipo mukatsimikize ku ofesi ya Road Traffic ku Mzuzu musanapereke ndalama. Ikakhala ya malemu, akubanja agwirizane ndipo pakhale makalata ololeza kugulitsa chumacho. Yanambala yakunja imene sinakhomeredwe msonkho, ngongoleyo idzagwera inu, choncho kafunseni kaye ku MRA kuti ndi zingati, muichotse pa mtengo.