Radio Maria Malawi, ine ndiye ndimayikonda basi

Kwa amene mumafuna kumva zomwe zikuchitika mumpingo wa Katolika osadikira zolengeza za Lamulungu, tsegulani Radio Maria. Wayilesi imeneyi ili ku Mangochi ndipo inayamba kale mu 1999 koma mpaka pano ikadali nganganga, Misa imamveka, kolona amapemphera, nkhani za m'madayosizi ndi m'maparishi zimabwera mu Chichewa chomveka bwino moti ngakhale agogo omwe miyendo inakana kale ulendo wa kutchalitchi amatsatira zonse ali pamphasa ndi kawayilesi kawo.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri n'choti mulibe zotsatsa malonda za sopo kapena ngongole zakatapila pakati pa mapemphero. Ndalama zoyendetsera zimachokera kwa ife omvera, ndiye ikafika nthawi ya Mariatona, yomwe wayilesiyi imapempha omvera kuti asonkhe ndalama, osamangomvera chabe ayi, ponyaniko kangachepe, magetsi ndi mafuta sizaulere eti.

Komanso imathandiza ku mphakati, kagulu ka akhristu oyandikana omwe amapemphera pamodzi. Kwathu kuno timakangana nthawi zina za ubatizo wa ana, ulimbitso, kapena zoti ukwati udalitsidwe pamafunika chani, wina akuti chakuti wina akuti ayi, koma ansembe akafotokoza pawayilesi mkangano umathera pompo.

Musayembekezere kuti ikuuzani tsiku la masika kapena msonkhano wa bungwe la amayi achikatolika la CWO pa parishi panu, zimenezo n'za abambo mfumu ndi akatekisiti. Pa intaneti imamvekanso, achibale ku Joni amamvera pafoni, bola bandulo ikhalepo.