Umanijala wa Lesitilanti: Kudzera Kusukulu Kapena Kuyambira Kukhitchini?

Ena amakaphunzira ku Malawi Institute of Tourism ku Blantyre kapena ku Mzuzu University. Ena amayamba ndi kutsuka mbale kapena uweta, n'kumakwera pang'onopang'ono.

Ndalama: kusukulu mumalipira fizi, pantchito mumalandira kangachepe uku mukuphunzira.

Nthawi: zaka za sukulu n'zodziwika, koma pantchito mumadikira mpaka bwana akukhulupirireni, ndipo ena amakalambira pomwepo.

Luso: kusukulu mumaphunzira ukhondo wa chakudya ndi kuwerengera mtengo wa mbale iliyonse, pomwe eni malo ambiri amaluzira ndalama osadziwa. Koma kutsitsa mtima kasitomala wokwiya gasi atatha nthawi ya nkhomaliro, zimenezo mumazidziwira kukhitchini komweko.

Ngati mukufuna mahotela akuluakulu monga a Sunbird, satifiketi idzakuthandizani kwambiri. Ngati mukufuna kudzatsegula lesitilanti yanuyanu ndipo fizi palibe, yambani ndi epuloni.