Magazi kapena mkodzo poyeza mowa ndi poizoni?

Kuno ku Angónia munthu akagwa mwadzidzidzi atamwa kachasu anthu amangoti wadyetsedwa, koma a labu ali ndi njira ziwiri, magazi kapena mkodzo, ndipo sizifanana ayi.

Magazi amaonetsa zomwe zikuyenda m'thupi nthawi yomweyo. Ngati ndi mowa, kuchuluka kwake kumauza ngati dalaivala analedzeradi pa ngozi, kungoti chiwindi chimauphwanya msanga, pakapita maola ochepa wachepa kale. Ngati ndi tameki kapena mankhwala ena ophera tizilombo m'munda amayeza cholinesterase, chinthu china cha m'magazi chomwe poizoni wotereyu amachifooketsa, ikatsika kwambiri ndiye chizindikiro chake. Vuto ndi kutentha kwa ku Tete kuja, magazi akakhalitsa kunja kwa fuliji opanda mankhwala owateteza kuti asawonongeke otchedwa sodium fluoride mabakiteriya amatha kupanga mowa m'botolomo, munthu wosamwa n'kuoneka ngati chidakwa, izi zimandiwawa kwambiri.

Mkodzo umasunga zotsalira chiwindi chikamaliza ntchito yake. Wosuta chamba tsiku ndi tsiku angapezeke nazo ngakhale patatha masabata awiri, koma sizinena kuti anasuta liti. Ine ndikuti pa mlandu tengani magazi, mkodzo ungothandizira, kenako atsimikize ndi GC-MS, makina a ku labu ozindikira bwinobwino mtundu wa mankhwala, chifukwa tizipangizo toyezera mwachangu tija timalakwitsa nthawi zina.