Mpando wozungulira wakaunjika: msana wapepuka, koma umatsika wokha

Ndimalemba maakaunti a golosale ya alamu anga ku Limbe, tsiku lonse maso ali pa laputopu. Kwa zaka ziwiri ndinkakhalira mpando wapulasitiki, wa pamaliro uja. Pofika 3 koloko masana msana unkawawa ngati ndaunga mizere munda wonse.

Mwezi wathawu ndinagula mpando wamuofesi wakaunjika, wamatayala asanu. Chomwe chandisangalatsa ndi kanthu kotumphuka kumsana, komwe kamalowa ndendende m'chiuno pamene msana umapindika. Ndikatsamira, mapewa amagwa okha. Ndinaukweza mpaka zigongono zinalingana ndi tebulo, koma poti ndine wamfupi mapazi analendewera, ndiye ndinaikapo katoni ya sopo yodzaza mapepala akale. Laputopu ndinaikweza pa mabuku atatu kuti m'mphepete mwake mwa pamwamba mukhale pa mlingo wa maso, n'kugula kiyibodi yapadera.

Vuto ndi pampu yokwezera mpandowu. Ikafika nthawi ya nkhomaliro umakhala watsika wokha, chibwano pafupi ndi tebulo, alamu n'kumaseka. Wogulitsa sanandiuze. Muziyamba mwaukhalira kaye mphindi 10 musanalipire.

Kudzuka pampando mphindi 30 zilizonse ndimaiwalabe, pokhapokha magetsi akathima.