Ku America, nyumba ya lendi yotchipa imafuna galimoto

Abale amene mukukonzekera kubwera kuno, musanasaine pepala la lendi yambani mwafufuza kuti sitolo ya zakudya ili patali bwanji, ndiponso ngati kuli njira yopitako wapansi.

M'madera okhala anthu kunja kwa mizinda, omwe kuno amati suburb, malamulo amalekanitsa malo a nyumba ndi malo a malonda. Khoti lalikulu la dziko lino linavomereza malamulo otere mu 1926. Ndiye musayembekezere okala kapena golosale pafupi ndi nyumba. Misewu yambiri ndi yokhotakhota, ina imathera pakhomo la munthu, ndipo simungadutse pabwalo la eni ake kuti mufupikitse ulendo. Sitolo imene ikuoneka pafupi pamapu mumaifika mutazungulira kwambiri. Kumbukiraninso kuti mailo imodzi ndi makilomita 1.6, pafupifupi mphindi 20 wapansi.

Poopsa penipeni ndi pamisewu ikuluikulu pomwe pali masitolowo. Galimoto zimathamanga m'mizere inayi kapena isanu ndi umodzi, malo owolokera ndi otalikirana, ndipo kanjira ka oyenda pansi kamatha mwadzidzidzi, n'kukusiyani paudzu. Kuno galimoto zimayenda kumanja, choncho powoloka yambani kuyang'ana kumanzere. M'madera ambiri dalaivala amaloledwa kukhotera kumanja loboti ili yofiira, maso ake ali pa galimoto zinzake, osati pa inu. Mu 2022 oyenda pansi oposa 7,000 anafa pamisewu ya dziko lino.

Basi nayo si yodalirika: kwina imabwera kamodzi pa ola, Lamlungu osaoneka n'komwe. Wogwira shifiti ya usiku amangothera ndalama pa Uber, matakisi oitanitsa pa foni. Mzinda wa Arlington ku Texas uli ndi anthu pafupifupi 400,000 koma ulibe mabasi oyenda pa ndandanda.

M'katikati mwa mizinda ngati New York, Boston, Chicago kapena Washington zinthu n'zosiyana. Ku New York sitima zapansi panthaka zimayenda usana ndi usiku, ndipo mabanja oposa theka alibe galimoto. Lendi ndiye yowawa.

Lembani adiresi ya nyumbayo pa webusaiti ya Walk Score, yomwe imapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 100 osonyeza ngati n'kosavuta kufika kusitolo ndi malo ena wapansi. Akachepera 50, pa lendiyo onjezerani mtengo wa galimoto, inshuwalansi ndi mafuta. Kenako yang'anani msewu wonse pa Google Street View, yomwe imaonetsa zithunzi za misewu, kuchokera pakhomo mpaka pamalo okwerera basi.