Sikelo ya pachipatala chathu chaching'ono, ndikupereka nyenyezi 3

Ndayenda sikelo ya amayi apakati pamenepa maulendo 6, mwana ndabereka mwezi wathawu nde ndati ndilembeko. Ndi zaulere inde, neti anandipatsa, katemera wa kafumbata anandibaya, Fansidar timamwera pompo iwo akuona, mapilitsi owonjezera magazi aja analipo kupatula mwezi umodzi omwe anati tikagule tokha kufamase.

Koma tsiku loyamba lija mpaka pano limandiwawa. Ndinadzuka 4 koloko, kukwera kabaza kunja kuli mdima, pamzere ndinali wachitatu. Titatha kuimba ndi kumvera maphunziro anati amene abwera ndi amuna awo atsogole, chabwino tinadikira mpaka dzuwa kufika pamutu. Kufika ine anamwino ena ake kabuku kanga sanakatsegule nkomwe, angoti "eni mimbayi ali kuti?" mokweza benchi yonse ikumva. Ndinati bambo ali ku Joni kumaganyu. Iwo amvekere "nonse mumatero, pitani mukatenge kalata kwa amfumu." Ndinabwerera osayezedwa kanthu, mimba ya miyezi 3, chonsecho ndi iwo omwe amatiuza kuti tiziyamba sikelo msanga! Ndikumvetsa kuti amafuna tiziyezetsa HIV ndi chindoko limodzi ndi abambo, nzabwino, koma amene amuna athu ali kutali kapena anatithawa talakwa chani? Ndinalira njira yonse ndipo panapita masabata 3 ndisanapondenso.

Komabe ndisaname, ulendo womaliza ndinakumana ndi munthu. Miyendo inali itatupa mutu ukupweteka, ine ndimvekere ndi kutopa chabe. Mzamba wina wachitsikana anandiyeza BP, anayezanso kachiwiri, anati ili 160 pa 110, kenako mkodzo. Anandikhazika pansi nkundifotokozera bwinobwino kuti mayi izi sizocheza mutha kuyamba kukomoka, mwana naye ali pachiswe. Ambulansi anaiimbira ndi mayunitsi ake ndikuona, kalata yopita kuchipatala chachikulu analemba pompo, mpaka kundinyamulira chikwama. Kumeneko anandigoneka ndipo ndinachira bwino, mwana wamkazi. Achemwali amenewo Mulungu awadalitse.

Nyenyezi zitatuzo ndi zawo. Ngati amuna anu kulibe yambani mwadzera kwa amfumu, chifukwa anamwino aja akadali pakhomo pomwepo, mnzanga wabwezedwanso sabata yatha.