Za mgolo umene munandipempha uja

Mayi, malume ndi nonse kumudziko, uthenga woti nditumize mgolo wosungira madzi ndinaulandira. Migolo ilipodi kuntchito kwathu, yolimba bwino, koma sinditumiza. Musati mwana wayamba umbombo wa m'tauni.

Pafakitale yomwe ndikugwira kuno ku Blantyre timapanga mapaipi ofewa othirira mbewu ndi zokutira mawaya a magetsi, zonse za pulasitiki ya PVC. M'migolomo mumabwera mankhwala otchedwa chlorinated paraffin. Nditangomva dzinalo ndinkayesa ndi parafini wathu wa mu koloboyi. Ayi ndithu. Awa ndi onanda ngati uchi, achikasu pang'ono, ndipo sayaka. Ntchito yake ndi kufewetsa pulasitiki komanso kuti isagwire moto msanga. Pamgolo amalemba 52, kutanthauza kuti pa magawo 100 alionse, 52 ndi klorini. Ena amawathira mu penti ndi m'mafuta a makina odulira zitsulo.

Chondiopsa ine n'chakuti sachoka. Tsiku lina ndinatsuka mgolo umodzi ndi sopo waufa katatu konse, mtima uli pa inu nomwe. Nditapisa dzanja pansi pake, chala chinkaterera ngati sindinagwirepo. Madzi sawasungunula. Akalowa m'thupi amakakhazikika m'mafuta, ndipo akatswiri anawapezapo mu nsomba ngakhale mu mkaka wa m'mawere. Mtundu wina wa mankhwalawa, umene amati short-chain, mayiko anagwirizana zouletsa mu 2017 pa pangano la Stockholm. Nanga ndi maso ungadziwe kuti mumgolo munali mtundu uti? Ngakhale kapitawo wathu amachita kuwerenga pepala.

Ife timawagwira titavala magolovesi. Makina akatentha mopyola, pulasitiki imapsa n'kutulutsa utsi wa asidi wokanda kukhosi, misozi chuchuchu, ndiye timathimitsa n'kutuluka panja. Ovololo yanga ndikafika nayo ku Ndirande imachapidwa payokha, mubeseni lakelake. Mayi a mwana poyamba ankati ndikukokomeza, mpaka ataona madzi otsukira akuyandama mafuta.

Malume, ndamvanso kuti mumafuna wina woviikira chimera. Umenewo ndiye ayi kawiri.

Ndalama ndatumiza pafoni ya achemwali. Akagule mgolo watsopano m'sitolo, osati yogwiritsidwapo kale ija imaunjikidwa pamsika, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti munali mafuta ophikira. Yotsala mugulire mayi shuga.